Tsiku Limene Buku la Wapampando Linaonetsedwa Pakhoma

KAMPANI YA CHIKUTO
Zolembedwa za msonkhano wa komiti yoyendetsa kampani

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pakhonde la nyumba ya Wapampando ku Lavington, Nairobi
Nthawi: Tinagwirizana 2 koloko masana, tinayamba cha m'ma 3

Amene analipo
A Gregory Chimwaza, Wapampando
A Conrad Thombozi, Wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Lorna Nyirongo, Msungichuma
Mayi Eness Kachingwe, Mkonzi wa mabuku
A Fiskani Msowoya, Katswiri wa pulogalamu ya pafoni
A Vitus Makwinja, Mlembi

Amene sanabwere
A Marvin Likongwe. Anatumiza uthenga wakuti matatu, minibasi ya kuno, imene anakwera yaima pamdipiti wa magalimoto potuluka mu Rongai. Uthenga womwewu anatumizanso mwezi watha, ndipo komiti inaulandira mosafunsa zambiri.

1. Kutsegula msonkhano

1.1 Wapampando anatsegula msonkhano ndi kupempha mayi Nyirongo kuti apemphere. Mayi Nyirongo anayamika Mulungu chifukwa cha chipambano cha Lachinayi ku Upper Hill. Anatchula aliyense wa ife dzina, mpaka anafika pa mlonda wa pageti amene anatilola kuimika galimoto pamalo a mabwana. Ameni anali wamphamvu.

1.2 Popeza zolembedwazi tsopano zizisungidwa m'mafayilo a kampani, ndipo adzaziwerenga anthu amene sanali nafe pachiyambi, Mlembi akufotokoza mwachidule. Chikuto ndi kampani imene Amalawi okhala kuno ku Nairobi tinayambitsa chaka chatha. Timagulitsa mabuku a Chichewa ndi Chitumbuka pafoni. Munthu amawerenga chaputala choyamba ulere, akakopeka amagula chotsatira, kulipira kwake pafoni pomwepo. Ofesi yathu mpaka lero ndi galaja ya Wapampando, ndipo galimoto yawo yagona panja chaka chathunthu kuti matebulo athu asanyowe.

2. Kuvomereza ajenda

2.1 Mlembi atawerenga ajenda, Wapampando anati ali ndi mfundo yoonjezera. Anati akufuna komiti imve dandaulo lawo pa mayi Kachingwe, amene anawayalutsa pamaso pa alendo Lachinayi lomwelo, ndipo pempho lawo ndi lakuti mayiwa atule pansi udindo wa mkonzi.

2.2 A Msowoya anafunsa ngati komiti ikudziwa tanthauzo la pempho limeneli. Anakumbutsa kuti mayi Kachingwe anasiya ntchito yabwino ku bungwe lothandiza anthu kuti adzagwire ya Chikuto, ndipo chilolezo chawo chogwirira ntchito muno mu Kenya chili m'dzina la kampaniyi. Akachotsedwa, ndiye kuti alongedza katundu ndi kutulutsa ana awo awiri pasukulu pakati pa teremu.

2.3 Wapampando anati zonsezo akuzidziwa, ndipo sanabweretse nkhaniyi mosaganiza. Dandaulo linaikidwa pa mfundo ya 6. Mandazi a chikondwerero amene mayi Nyirongo anabwera nawo anakhala m'mbale osakhudzidwa kwa kanthawi ndithu.

3. Zolembedwa za msonkhano wapita

3.1 Zinawerengedwa. A Thombozi anadandaula kuti mawu awo a mwezi watha anafupikitsidwa kwambiri. Mlembi anayankha kuti mfundo zonse zimene zinali m'mawuwo zinalembedwa, ndipo zinakwana mizere iwiri. Zolembedwa zinavomerezedwa.

4. Lipoti la Lachinayi ku Upper Hill

4.1 Lipotili anapereka a Thombozi ataimirira, ngakhale panalibe amene anawapempha kuimirira. Anati bungwe la anthu oika ndalama m'makampani ongoyamba kumene linaitana makampani ambiri kuti aliyense afotokoze ntchito yake, ndipo linkafuna kusankhapo atatu. Ife tinalowa pambuyo pa anyamata operekera gasi m'makomo ndi atsikana ena ochiza ng'ombe pafoni. A Thombozi anati ataona zithunzi za anzathuwo mtima unawachoka, chifukwa zinkaoneka ngati aliyense walemera kale.

4.2 Wolankhulira Chikuto anali mayi Kachingwe, ndipo a Msowoya ndiwo ankasintha zithunzi pakhoma. Mayi Kachingwe anafotokoza kuti pulogalamu yathu imaonetsa, popanda kutchula maina, pamene owerenga afika m'buku ndi pamene alekera. Anaonetsa mzere wosonyeza owerenga buku la mayi Magdalene Sitolo, telala wa ku Luchenza, lotchedwa "Apongozi Anabwera ndi Sutikesi Ziwiri". Mzerewo unayenda mowongoka kuyambira chaputala choyamba mpaka chomaliza, kusonyeza kuti amene walowa m'bukulo satulukamo. Oweruza anayamba kulemba.

4.3 Kenaka mayi wina wa pakati pa oweruza, Mkenya wa tsitsi loyera, anavula magalasi ndi kunena kuti kuyambira m'mawa aliyense wakhala akumuonetsa mwana wokhoza mayeso. Anati iye akufuna aone mwana wathu wolephera, ndi zimene taphunzirapo. Mayi Kachingwe anagwedeza mutu kwa a Msowoya.

4.4 Pakhoma panatuluka buku loyamba limene Chikuto inasindikiza, "Makwerero a Utumiki: Zaka Zanga m'Ntchito za Chitukuko", lolembedwa ndi Wapampando. Mzere wake unatsika ngati munthu wagwa mumtengo wa mango. Owerenga ambiri analekera pa masamba othokoza, amene alipo khumi ndi limodzi, ndipo otsalawo anathera pa chaputala cha msonkhano wa ku Geneva. Pambali pa mzerewo panali chikuto cha bukulo, ndipo pachikutopo panali chithunzi cha Wapampando atavala suti yotuwa. Wapampando anali atakhala pampando wakutsogolo atavala suti yomweyo.

4.5 Mayi Kachingwe anafotokoza kuti buku limeneli ndilo linatiphunzitsa kuti wowerenga pafoni saleza mtima ngati wowerenga m'laibulale, kuti bandulo yake ikutha akuwerenga, ndipo masamba oyamba akapanda kumugwira amapita kukaonera mpira. Anati kuchokera pamenepo tinasintha kakonzedwe ka mabuku onse. Mayi woweruza uja anayang'ana khoma, anayang'ana suti, n'kunena kuti, "Pole, mzee," kumene m'Chiswahili ndi kunena kuti pepani, bambo. Anaonjeza kuti kampani imene tcheyamani wake amalola zotere kuonetsedwa pagulu ndi kampani yosanama, ndipo iye ndalama zake amaika kwa anthu osanama. Holo yonse inawomba m'manja. Wapampando anaimirira ndi kuwerama pang'ono.

4.6 Madzulo ake anatiitana ndi kutiuza kuti Chikuto ili m'gulu la atatu osankhidwa. Atipatsa ndalama zoyendetsera ntchito, chipinda cha ofesi ku Upper Hill, ndi loya wotithandiza pa mapangano ndi olemba mabuku. Mayi Nyirongo anapempha kuti kuchuluka kwa ndalamazo kusalembedwe muno, chifukwa zolembedwa zathu zimafika pa WhatsApp, ndipo iwo sakufuna achibale a ku Rumphi ayambe kudwala onse sabata imodzi. Komiti inavomereza mwachangu.

4.7 Apa mamembala anawomba m'manja nthawi yaitali, mayi Nyirongo analulutira, ndipo mandazi anayamba kuyenda. Mlembi akufuna zilembedwe kuti wakhala m'makomiti ambiri a Amalawi kuno, a maliro, a zikwati ndi a kwaya, koma aka n'koyamba kukhala m'komiti imene yapambana kanthu, ndipo ndi wokondwa kwambiri. Wapampando anawomba nawo m'manja koma sanadye. A Msowoya, amene anakwera nawo galimoto pobwerera Lachinayi, anati kuchokera ku Upper Hill mpaka ku Lavington Wapampando sanatulutse liwu, ngakhale pamene wa kabaza wa njinga yamoto anawagunda galasi.

5. Lipoti la pulogalamu ndi mabuku

5.1 A Msowoya anati pulogalamu aichepetsa moti tsopano ikulowa m'mafoni otchipa amene anthu ambiri ali nawo kumudzi, ndipo chaputala chikatsika pafoni chimawerengeka ngakhale netiweki itathawa. Anati owerenga akuchuluka sabata iliyonse popanda ife kulengeza pawailesi. Ambiri ndi a ku Blantyre ndi Lilongwe, koma amene amagula kwambiri ndi Amalawi a ku Joni, makamaka Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi.

5.2 Anatinso vuto lalikulu la mwezi uno linali labwino. Tsiku limene chaputala chomaliza cha "Apongozi" chinatuluka, anthu analowa ambiri nthawi imodzi mpaka pulogalamu inakomoka. Iwo anaidzutsa ali mu matatu pa Ngong Road, laputopu ili pamaondo, kondakitala atawagwirira foni. A Thombozi anafunsa ngati kondakitalayo sanaone zinsinsi za kampani. A Msowoya anati kondakitalayo ankangofuna kudziwa ngati apongoziwo anachoka.

5.3 Mayi Kachingwe anapereka lipoti la mabuku ndi mawu odekha, ngati munthu amene palibe chikumudikira pa mfundo yotsatira. Anati mayi Sitolo akudandaula kuti anthu akumabwera pashopu pawo osati kudzasoketsa, koma kudzakangana nawo za mathero a nkhani, ndipo mayi wina anakana kuchoka mpaka atamulonjeza buku lachiwiri. Anatinso zolemba zatsopano zikubwera zochuluka kuposa mmene angawerengere yekha. Zina zikubwera zolembedwa pamanja m'makope a sukulu, mwini wake atajambula tsamba lililonse ndi foni, chala chake chikuoneka m'mphepete. Anati mwa zimenezi muli mabuku atatu amene akuwakhulupirira, limodzi la Chitumbuka lolembedwa ndi a Suzgo Kanyimbo, woyendetsa thiraki.

5.4 Komiti inayamikira malipoti onse awiri. Wapampando anati ntchito ndi yabwino, ndipo dandaulo lawo silikukhudza ntchito.

6. Dandaulo la Wapampando

6.1 Popeza wodandaula sangaweruze mlandu wake womwe, Wapampando anapereka mpando kwa a Thombozi. Mpando wake unali weniweni, wa nsungwi, ndipo anasinthanadi malo.

6.2 A Chimwaza anati iwo si mwana woti angalirire kusekedwa. Anati agwira ntchito m'maiko asanu, ndipo anyozedwapo ndi nduna ndi akazembe. Koma sanayembekezere kuti mwana wa kwawo, amene anamulandira m'nyumba muno atangofika mu Nairobi, angawavule pagulu la alendo kuti apeze ndalama. Anati mabuku osayenda bwino tili nawo angapo, ndipo mayi Kachingwe akanatha kusankha lina. Anati kwathu mkulu akalakwa amamutengera kuseri, samuimika pabwalo. Aliyense anaona kuti zawapweteka zenizeni.

6.3 A Thombozi, ngakhale anali pampando ndipo sanayenera kutenga mbali, anatenga mbali. Anati bukulo ndi chuma cha fuko, monga iwo analembera m'mawu ake oyamba, ndipo vuto ndi owerenga a masiku ano amene akufuna nkhani za apongozi basi. Anati kunena kwa ndithendithe Nanthambwe anadzitengera, ndipo mayi Kachingwe aphunzire kuti choona chilichonse sichinenedwa paliponse.

6.4 Mayi Nyirongo anati iwo amawakonda mayi Kachingwe ngati mng'ono wawo, koma ulemu ndi ulemu. Anakumbutsa kuti komiti yonse inagwirizana chaka chatha kuti buku la a Chimwaza likhale loyamba, popanda kudutsa kwa mkonzi, chifukwa ndiwo anatipatsa galaja ndi ndalama zoyambira. Anati iwo atawerenga bukulo analira.

6.5 A Msowoya anati amene anaika chithunzi pakhoma ndi iwo, ndiye ngati pali wochotsedwa achotsedwe onse awiri. Anati mabuku ena osayenda bwino ndi a anthu a kumudzi amene anatikhulupirira, ndipo sikukanakhala chilungamo kuyalutsa mphunzitsi wa ku Nsanje amene sanalipo kuti adziyankhire. A Thombozi anawauza kuti adikire kupatsidwa mwayi. A Msowoya anati amaliza kale.

6.6 A Chimwaza anapemphanso kulankhula. Anati sakukana kuti mwina machaputala ena ndi olemera kwa achinyamata. Kenaka anatembenukira kwa a Thombozi.

"Enawo alekeni, mwina ndi a ife okalamba. Koma chaputala 19 nachonso chikhale m'gulu la zolephera? A Thombozi, inu munalemba mawu oyamba. Auzeni anawa zimene zili mu 19."

6.7 A Thombozi anakhosomola, anamwa tiyi, n'kunena kuti chaputala 19 ndicho mtima wa buku lonse. Anati m'menemo ndi mmene a Chimwaza akuonetsa kuti mtsogoleri weniweni sagwedezeka pamaso pa opereka thandizo, ngakhale bajeti itadulidwa pakati. Anafuna kupitiriza, koma anaona nkhope ya a Chimwaza ndipo anasiyira pomwepo.

6.8 A Chimwaza anafunsa mayi Nyirongo kuti paja analira pati. Mayi Nyirongo anati analira malo ambiri, ndipo mwezi umenewo magalasi ankawavuta, choncho mbali zina anachita kuwafotokozera amuna awo. Atafunsidwa, anavomera kuti amuna awowo anamva kwa a Thombozi. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

6.9 A Msowoya sanadikire kufunsidwa. Anati, "Ine ndinangolikweza pa pulogalamu, a Tcheya. Ndinaonetsetsa kuti masamba onse alipo." Maso a a Chimwaza atafika pa Mlembi, Mlembi anali wotanganidwa kulemba zimene zili pamwambazi.

6.10 Mayi Kachingwe anakweza dzanja, ndipo a Thombozi anawapatsa mwayi mofulumira kuposa mmene anaperekerapo mwayi kwa munthu chiyambire komitiyi. Mayi Kachingwe sanatsegule foni kapena pepala. Analankhula akuyang'ana a Chimwaza.

"Bambo, chaputala 19 ndi cha ulendo umene munaperekeza a Ndaona, akazi anu, kupita nawo kumudzi atamwalira kuno. Munalemba kuti pabwalo la ndege bokosi analilowetsa kumalo a katundu, inu n'kukulozerani khomo la anthu. Mutakhala pampando m'ndege munazindikira kuti iwo ali pansi panu. Ndiye munavula nsapato, n'kuzinyamula pamiyendo mpaka ku Lilongwe, chifukwa simukanatha kuponda ndi nsapato pamwamba pa mutu wawo. Mtsikana wa m'ndege atakufunsani ngati mapazi atupa, munati eya."

6.11 Mlembi akuvomereza kuti apa cholembera chinaima, ndipo zotsatirazi walemba pambuyo pake. Mayi Nyirongo analira, ulendo uno pamaso pa mboni.

6.12 Mayi Kachingwe anapitiriza kuti chaputala chimenecho anachiwerenga katatu, ndipo pa zonse zimene Chikuto yasindikiza palibe masamba oposa amenewo, ngakhale a mayi Sitolo. Anati chimene chimawawawa ndi chakuti palibe wowerenga amene amafikako, chifukwa kutsogolo kwake kuli machaputala khumi ndi asanu ndi atatu a misonkhano, maulendo ndi mayina a mabwana. Anati chaka chatha anakauza a Thombozi kuti bukulo liyambire pa 19, ndipo anayankhidwa kuti akulu sauzidwa zotere. A Thombozi anati sakukumbukira bwino, koma mwina.

6.13 Mayi Kachingwe anati za chithunzi cha pakhoma akupepesa ndi mtima wonse, chifukwa anayenera kubisa chikuto ndipo m'kutanganidwa sanaganize. Koma anati kulakwa kwawo kwakukulu si kwa Lachinayi. Anayenera kubwera okha pakhonde pano chaka chatha, kugwada ngati n'kofunika, n'kunena zoona kuseri monga a Chimwaza anenera. Anachita manyazi, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anati ngati komiti iwachotsa apita, koma apempha kuti wobwera pambuyo pawo aloledwe kukonza bukulo.

6.14 A Chimwaza anaimirira ndi kulowa m'nyumba. Komiti inadikira. A Thombozi anafunsa chapansipansi ngati malamulo a kampani akunenapo za wodandaula amene wachoka pakati pa mlandu. A Chimwaza anabwera atasamba kumaso, kolala ya shati itanyowa. Sanakhale pansi.

"Chaka chathunthu ndakhala ndikuganiza kuti nonsenu mukudziwa za nsapato zija, ndipo simukuzitchula pondisungira ulemu. Ndinkakuyamikani mumtima. Kani munkandisungira ulemu wamtundu wina."

6.15 Anati akuchotsa dandaulo lawo. Anati manyazi a Lachinayi sanathe ndipo sakudziwa kuti adzatha liti, suti ija aipachika kaye. Koma sangathamangitse munthu mmodzi yekha amene anawawerenga mpaka kumapeto, kuti atsale ndi anthu owayamikira.

7. Zimene komiti inagamula

7.1 A Thombozi anati popeza dandaulo lachotsedwa, palibe chifukwa chovotera. A Chimwaza anakana. Anati nkhaniyi inalowa m'zolembedwa ndi dzina la mayi Kachingwe, ndipo iyenera kutulukamo ndi manja okwezedwa, kuti wina asadzanene m'tsogolo kuti mayiwa anangokhululukidwa. Funso linali lakuti mayi Eness Kachingwe apitirize kukhala mkonzi wa Chikuto. Manja onse anakwera. La a Thombozi ndilo linayamba.

7.2 Mayi Kachingwe anathokoza ndi mawu ochepa, anapempha kutuluka pang'ono kuti akaimbire ana awo, ndipo analoledwa. A Chimwaza anabwerera pampando.

7.3 Mayi Kachingwe atabwera, komiti inagwirizananso izi. Kuyambira lero palibe buku lolowa pa pulogalamu osadutsa m'manja mwa mkonzi, kaya mwini wake ndi Wapampando, m'busa, kapena malume a membala. Palibenso wolemba mawu oyamba a buku asanafunsidwe mafunso ndi mkonzi pa zimene zili m'katimo. Mfundo yachiwiriyi anaipereka a Msowoya, ndipo a Thombozi anaithirira ndemanga yakuti ndi yabwino kwa mibadwo ya m'tsogolo.

7.4 Buku la "Makwerero a Utumiki" lichotsedwa kaye pa pulogalamu kuti likonzedwe, ndipo lidzayambira pa chaputala 19. Wapampando anafunsa kuti mwa machaputala enawo apulumuka angati. Mayi Kachingwe anati mwina awiri. Wapampando anapempha kuti cha ku Geneva chikhalepo, chifukwa m'menemo muli mfundo zofunika pa chitukuko cha kumidzi. Mayi Kachingwe anati ayi, bambo. Wapampando anayang'ana komiti kufuna thandizo, koma komiti inali itaphunzira. Anagonja, ndipo anatenga mandazi awiri.

7.5 Mamembala amene sanawerenge chaputala 19 awerenge msonkhano wina usanafike. Wapampando anati sadzafunsa mafunso.

8. Zina ndi zina

8.1 Kusamukira ku Upper Hill kuchitika kumapeto a mwezi uno. A Msowoya ayang'anira makompyuta, mayi Nyirongo apeza galimoto. Mayi Nyirongo anachenjeza kuti matebulo awiri ndi obwereka kutchalitchi, ndipo abwezedwe tisanayambe kuoneka olemera.

8.2 Komiti inavomereza kuti mayi Kachingwe apeze owathandiza kuwerenga zolemba zatsopano, mmodzi wa Chichewa ndi wina wa Chitumbuka, ndipo akhale anthu okhala ku Malawi. A Thombozi anati ali ndi mphwawo wodziwa zilankhulo. Wapampando anati mphwawoyo alembe mayeso ngati wina aliyense.

8.3 Kudzakhala chikondwerero cha Amalawi onse a mu Nairobi Lamulungu likudzali tikaweruka mapemphero. Mayi Sitolo adzalankhula pafoni kuchokera ku Luchenza ngati magetsi alola.

9. Msonkhano wotsatira

9.1 Udzakhala Loweruka pa 12 Julaye 2025, ku ofesi yatsopano ya ku Upper Hill, 2 koloko masana yeniyeni.

10. Kutseka msonkhano

10.1 Asanatseke, Wapampando anati ali ndi pempho limodzi kwa Mlembi. Anati chimwalirire akazi awo, aliyense wobwera pakhomo pano amati malemu, kapena mayi aja, ndipo iwonso anazolowera kutero. Lero ndi koyamba kumva dzina lawo likutchulidwa mokweza pakhonde limene ankakhalapo madzulo aliwonse. Anapempha kuti dzinalo lilembedwe lonse m'zolembedwa za tsiku limene kampani yapambana, pamodzi ndi la mfunda limene iwo ankawaitanira.

10.2 Panalibe wotsutsa. Mlembi akulemba monga anauzidwa: Ndaona Chimwaza, a Nangozo.

10.3 Wapampando anapempha mayi Kachingwe kuti atseke ndi pemphero. Msonkhano unatha dzuwa litapendeka, cha m'ma 6 koloko madzulo.

Wasainira: Gregory Chimwaza, Wapampando

Wasainira: Vitus Makwinja, Mlembi